Maginito awiri ndi madzi a manganizi: njira yoika chinthu chilichonse pa msinkhu wake

Dulani botolo la madzi akumwa tizidutswatizidutswa pamodzi ndi chotsekera chake, muponye zonse m'ndowa ya madzi, mutakase. Tizidutswa ta botolo timapita pansi, ta chotsekera timatsala pamwamba. Botolo ndi pulasitiki wa mtundu wa PET, ndipo mililita imodzi ya PET imalemera magalamu pafupifupi 1.38. Chotsekera nthawi zambiri ndi pulasitiki wa mtundu wa PP kapena HDPE, amene sakwana galamu imodzi pa mililita. Madzi ali pakati, pa 1.00. Kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi malo amene chatenga ndiko kumene akatswiri amati density, ndipo aliyense amene ananyamulapo thumba la makala ndi thumba la mchenga lofanana nalo kukula akudziwa kale tanthauzo lake.

Vuto la ndowa ndi lakuti imangodziwa mayankho awiri, kumira kapena kuyandama. Munthu wotola pulasitiki ku Kapata, mu Chipata, akagaya zigubu, mabeseni, zotsekera ndi ndowa zosweka, PP wa 0.90 mpaka 0.91 ndi HDPE wa 0.94 mpaka 0.97 amayandama limodzi. Ndi maso sungawasiyanitse, koma akasungunulidwa pamodzi sagwirizana bwino, ndipo chinthu chopangidwa kuchokera pa msakanizo wotero chimasweka msanga. Kuti musiyanitse mitundu isanu ndi njira ya ndowa mufunika ndowa zinayi, iliyonse ndi madzi a kulemera kwake. Njira ya maginito imachita zonsezi m'kabotolo kamodzi, chifukwa chinthu chilichonse chimaima lendee pakati pa madzi, pa msinkhu wogwirizana ndi density yake.

Chimene chimayandamitsa

Ambiri akamva za njirayi amaganiza kuti maginito ndi amene amakoka kapena kukankha pulasitiki. Ayi. Pulasitiki, nthanga, galasi, madzi ndi thupi la munthu zili m'gulu la zinthu zimene zimatchedwa diamagnetic: maginito amazikankha, koma mofooka kwambiri kotero kuti dzanja silingamve. Michael Faraday ndiye anafotokoza khalidweli mu 1845. Kuti chinthu chotero chiyandame mumpweya pamafunika mphamvu yoopsa. Andre Geim ndi anzake atayandamitsa chule wamoyo ku Nijmegen mu 1997 anagwiritsa ntchito maginito a matesla 16 (tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito), pamene maginito amphamvu ogula pasitolo amafika theka la tesla kapena kucheperapo.

Nzeru yake ndi kusintha madziwo. Mukasungunula mchere wa manganizi m'madzi, madziwo amakhala paramagnetic, ndiye kuti amakokedwa ndi maginito, ngakhale osati mwamphamvu ngati chitsulo. Tsopano ikani maginito awiri, mmodzi pansi wina pamwamba, nkhope zofanana zitayang'anizana, N ndi N. Pafupi ndi nkhope ya aliyense mphamvu ndi yaikulu, ndipo imachepa mukamapita pakati, mpaka pakatikati penipeni pamene mphamvu za awiriwa zimafafanizana, osatsala kalikonse. Madzi a manganizi amakankhana kufuna malo oyandikira maginito, ngati anthu pa depoti pamene feteleza wafika, ndipo chilichonse chimene sichikokedwa chimafinyidwira kumene kulibe mpikisano, ndiko pakati.

Choncho kachidutswa kali m'madzimo kamamva zinthu ziwiri. Choyamba ndi kusiyana kwa kulemera kwake ndi kwa madzi, monga Archimedes ananenera kalekale. Chachiwiri ndi kufinyidwa kuja, kumene kulibe pakati koma kumakula kachidutswako kakamayandikira maginito. Kachidutswa kofanana density ndi madziwo kamaima pakatikati. Kolemerapo kamayamba kumira, koma kakamatsika kukankha kochokera pansi kumawonjezeka mpaka kufanana ndi kulemera kotsalako, ndipo kamaima pomwepo. Kopepuka kamakwera mpaka maginito wa pamwamba atakaletsa.

Pali mfundo imodzi imene imadabwitsa ngakhale aphunzitsi a sayansi: kukula kwa kachidutswa sikusintha msinkhu wake. Mphamvu zonse ziwiri zimakula mofanana ndi kukula kwa chinthu, ndiye zimafafanizana pa masamu. Kanayiloni ka mamilimita 2 ndi ka mamilimita 5 timaima pa mzere umodzi. Chimene chimasintha ndi nthawi yokha. Kachidutswa kakakulu ngati njere ya mapira kamakhazikika m'masekondi ochepa, pamene ufa wosalala umatenga mphindi zambiri kapena maola. Simufunikanso kuyeza kukula kwa chinthucho, ndipo apa ndi pamene njirayi imaposa sikelo, chifukwa kachidutswa kokhotakhota ka theka la galamu n'kovuta kwambiri kukayeza kukula kwake molondola.

Chipangizo chenicheni ndi manambala ake

Mtundu wa chipangizo umene ma labotale ambiri amatsatira unafotokozedwa mu 2009 ndi gulu la George Whitesides ku Harvard, mu ntchito yotsogozedwa ndi Katherine Mirica. Ndi maginito awiri a neodymium, aliyense mamilimita 50 m'litali, 50 m'lifupi, 25 kuchindikala, otalikirana mamilimita 45. Pa nkhope ya aliyense mphamvu imakhala pafupifupi tesla 0.4. Miyezo imeneyi sinasankhidwe mwachisawawa. Pa mpata wotero mphamvu imatsika molunjika kuchokera pa nkhope kufika pakati, ndipo chifukwa cha ichi msinkhu nawo umayenda molunjika ndi density. Mukatalikitsa maginito kupitirira m'lifupi mwawo, mzerewo umakhota ndipo kuwerenga kumavuta.

Kwa ofuna masamu, msinkhu h kuchokera pa maginito wa pansi ndi uwu:

h = d/2 − (ρs − ρm) × g × μ0 × d² ÷ [4 × B0² × (χm − χs)]

Apa d ndi mpata wa pakati pa maginito, ρs ndi density ya chinthu, ρm ndi ya madzi, g ndi mphamvu imene dziko limakokera nayo zinthu pansi, μ0 ndi nambala yosasintha ya m'masamu a maginito, B0 ndi mphamvu ya pa nkhope ya maginito, ndipo χ ndi nambala yosonyeza mmene chinthu chimamvera maginito. Ya madzi wamba ndi pafupifupi −0.000009, ndipo ya mapulasitiki ambiri ili pafupi pomwepo. Ya madzi a manganizi amene tikupanga pansipa ndi pafupifupi +0.00017. Popeza ya madzi a manganizi ndi yaikulu chonchi, kusiyana pang'ono kwa χ pakati pa pulasitiki uyu ndi uyo sikusokoneza, ndipo msinkhu umatiuza za density yokha.

Madziwo amapangidwa motere. Mchere wofala ndi manganese chloride, wa mibulu yofiirira mopita ku pinki, umene pa botolo amalemba MnCl2·4H2O. Yezani magalamu 198, sungunulani m'madzi ochepa, kenaka onjezani madzi mpaka zonse zikwane lita imodzi. Onani bwino: si kuthira mcherewo mu lita ya madzi, koma kudzaza mpaka lita. Umenewu ndi msuzi wa 1 M, ndipo density yake ndi pafupifupi 1.10. Kabotolo ka chipangizochi sikadya zambiri, choncho magalamu 19.8 mu mamililita 100 ndi okwanira poyamba. Ngati chloride sakupezeka, manganese sulphate, amene amagulitsidwa ngati chakudya chowonjezera cha mbewu, amagwiranso ntchito: magalamu 169 pa lita a mtundu wa MnSO4·H2O amapereka mphamvu yofanana, koma madziwo amalemerako pang'ono ndipo ayenera kusefedwa bwino chifukwa wa kumunda sakhala woyera. Ma labotale a zachipatala amakonda mankhwala a gadolinium, amene ndi amphamvu kuposa manganizi komanso sapha maselo msanga, koma mtengo wake si wa sukulu kapena wa kabungwe ka otola pulasitiki.

Tikaika manambala aja mu masamu, ndi B0 ya 0.38, tipeza kuti msuzi wa 1 M umagwira zinthu kuyambira 1.01 mpaka 1.19, ndipo milimita imodzi pa rula ndi kusiyana kwa pafupifupi 0.004. Ndiye polystyrene wolimba wa 1.05, uja wa timasupuni ta pulasitiki tosweka msanga, amaima mamilimita 12 pamwamba pa pakati. Nayiloni wa 1.14 amaima mamilimita 10 pansi pa pakati. Acrylic wa 1.18 amatsikira pafupi ndi pansi penipeni. PET amangokhala pansi chifukwa wapitirira malire, ndipo PP amakakamira pamwamba.

Muli ndi zinthu ziwiri zosintha, ndipo ndi bwino kuzimvetsa padera. Kuchuluka kwa manganizi kumakulitsa malire koma kumachepetsa kuona zazing'ono. Msuzi wa 3 M, wa density pafupifupi 1.29, umagwira kuyambira cha m'ma 1.0 mpaka kupitirira 1.5, koma milimita imodzi tsopano ndi 0.012. Mukachepetsa manganizi kufika 0.1 M, malire amafupika kakhumi ndipo zinthu zosiyana pang'onong'ono zimatalikirana moonekera. Chachiwiri ndi density ya madziwo, imene imasankha chinthu choima pakati. Imeneyi mumaikweza osakhudza maginito pothira shuga kapena mchere wa pa ndiwo, ndipo mumaitsitsa pothira spiriti. Lamulo lake ndi ili: yambani ndi manganizi wambiri kuti muone pamene zinthu zanu zili, kenaka pangani msuzi wofooka umene density yake ili pakati pa ziwiri zimene mukufuna kulekanitsa.

Kwa PP ndi HDPE aja, madzi ayenera kukhala cha pa 0.93. Manganese chloride amasungunuka mu spiriti, imene density yake ili pafupi ndi 0.8. Sungunulani mcherewo mu spiriti, kenaka donthezani madzi pang'onopang'ono mukuyeza. Kuyeza kwake n'kosavuta: tengani sirinji ya mamililita 10, muiyeze yopanda kanthu pa sikelo yowerenga mpaka 0.01 ya galamu, ngati ija ya ogula miyala, muidzaze mpaka pa mzere popanda thovu, muiyezenso, kusiyanako mugawe ndi 10. Gwiritsani kabotolo ka galasi chifukwa spiriti imang'alula acrylic, ndipo katsekeni nthawi zonse, poti spiriti ikauluka madzi otsala amalemera ndipo zonse zimakwera. Moto usayandikire.

Kumanga chimango

Apa ndi pamene anthu amavulala, ndiye tichedwepo. Maginito mmodzi wa kukula kuja amalemera pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo akagwira chitsulo chochindikala mphamvu yomuchotsa ingafanane ndi kunyamula matumba awiri a chimanga. Awiri oyang'anizana N ndi N sakhala phee. Amafuna kutembenuka kuti agwirane, ndipo akapeza mpata amatero m'kuphethira kwa diso. Chala chikapezeka pakati chimaphwanyika. Neodymium ndi wosachedwa kusweka ngati mbale yadothi, ndipo tizidutswa take timauluka, choncho valani magalasi oteteza maso.

Chimango chikhale cha thabwa lolimba monga mukwa, kapena aluminiyamu, kapena pulasitiki wochindikala. Mabawuti akhale a brass. Msomali wachitsulo ngakhale umodzi pafupi ndi mpata umapotoza mphamvu ndipo zinthu zimayamba kuima chopendekera kumbali. Kalipentala aseme mapako awiri olowa maginito ndendende, lina m'thabwa la pansi lina m'thabwa la pamwamba, lililonse ndi chivundikiro chomanga ndi mabawuti. Pezani nkhope ya N ya aliyense ndi kampasi muli patali, mulembe ndi maka. Lowetsani mmodzi, mutseke, mumange. Wachiwiri mumutsekere m'thabwa lake kutali, kupitirira mita imodzi, kenaka mutsitse thabwa lonselo pa mizati inayi yoongoka imene simulola kuti lipendekere, ndi timatabwa ta mamilimita 45 toimika pakati kuti mpata ukhale wolondola. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri. Mukamaliza ikani levulo pamwamba. Chipangizo chopendekeka chimakokera zinthu kukhoma la kabotolo, kumene zimakakamira.

Maginito a m'masipika akale ndi a ferrite, ofooka kwambiri pa ntchito iyi, ndipo popeza kukankha kumayenda ndi B0 kuchulukitsa ndi B0 yemweyo, maginito wofooka kanayi amapereka mphamvu yochepa ka 16. A m'ma hard disk a kompyuta ndi neodymium ndithu, koma nkhope imodzi imakhala ndi N ndi S pamodzi, ndiye sapanga malo a pakati amene tikufuna. Foni, makhadi a kubanki ndi mawotchi zikhale patali, ndipo munthu amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda asayandikire n'komwe.

Kabotolo kakhale ka makona anayi ndi makhoma osalala, chifukwa kozungulira kamapotoza chithunzi. Kaikeni pakatikati pa nkhope za maginito, ndi rula ya pulasitiki yomata pambali pake, ziro wake pa nkhope ya maginito wa pansi. Werengani pakati pa kachidutswa, diso lili pa msinkhu womwewo. Kujambula ndi foni muli masentimita 40 kapena 50 kutali ndiye kukulitsa chithunzi kumapereka nambala yodalirika kuposa diso.

Musadalire masamu okha, chifukwa mphamvu yeniyeni ya maginito anu simuidziwa. Pangani zoyezera zanu. Tengani tizidutswa titatu ta pulasitiki tosiyana, kalikonse mukaike m'madzi a mchere wa pa ndiwo amene mukuwonjezera pang'onopang'ono mpaka kaime pakati osamira osayandama, ndiye muyeze density ya madziwo ndi sirinji ija. Mchere umafikitsa madzi pa 1.20 basi, ndipo pamenepa mpokwanira msuzi wa 1 M. Ikani titatuto m'chipangizo, lembani misinkhu yake pa pepala la magirafu, kokani mzere. Ngati madontho atatuwo sali pa mzere umodzi, china chake chalakwika, ndipo kawirikawiri chimakhala chimodzi mwa izi zikubwerazi.

Zimene zimasokoneza

Mdani wamkulu ndi thovu. Pulasitiki sakonda madzi, ndipo timpweya timamatirira pa m'mbali zokhakhala. Taonani kukula kwa vutoli: kachidutswa ka mamilimita 3 mbali zonse kakakhala ndi kathovu kamodzi ka milimita imodzi, density yake yooneka imatsika ndi pafupifupi 0.02, ndiye kuti kamakwera mamilimita 5 mu msuzi wa 1 M. Umenewu ndi mpata wokwanira kuti mutchule pulasitiki dzina lolakwika. Nyikani kachidutswa mu spiriti kaye, mukatsuke ndi msuzi womwewo, ndipo mu msuzi muthire kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira mbale. Sopo wa mtanda ayi, chifukwa amagwirizana ndi manganizi n'kupanga zinyalala zoyera zoyandama. Mukaponyamo, gogodani kabotolo ndi chala kapena gwedezani kachidutswa ndi kamtengo kotokosera m'mano mpaka thovu lonse litachoka.

Wachiwiri ndi fumbi la chitsulo. Chinthu chodulidwa ndi sowo yachitsulo kapena chogayidwa ndi makina a mipeni yotha chimatenga tizitsulo tosaoneka ndi maso. Chitsulo chimamva maginito kuposa madzi a manganizi mosayerekezeka, choncho kakang'onong'ono kamakwanira. Chizindikiro chake n'chakuti kachidutswa kamazungulira mwadzidzidzi, kamaima mopendekeka, kapena kamathamangira pa maginito n'kumatirira. Dothi lathu lofiira ndi mchenga wakuda wa m'mitsinje zilinso ndi chitsulo. Tsukani zonse bwino, ndipo muzipititse pa maginito wina wokutidwa ndi pepala la pulasitiki musanaziyeze.

Kutentha nako kumasuntha manambala, ndipo kuno si nkhani yaing'ono. Madzi a manganizi amamva maginito mochepa akatentha: kuchoka pa madigiri 20 a m'mawa wa June kufika 35 a masana a Okutobala, amataya magawo 5 pa 100. Maginito nawo amafooka pang'ono, ndipo madzi amapepuka. Zonse pamodzi zingasunthe kachidutswa ka kumapeto mamilimita awiri. Choncho zoyezera zanu zitatu zija zilowe m'kabotolo tsiku lililonse musanayambe, ndipo chipangizo chisakhale pa windo la dzuwa, kumene mbali imodzi ya madzi imatentha n'kuyamba kuzungulira. Neodymium wamba akapitirira madigiri 80 amafooka mpaka kalekale, ndiye musamusiye m'galimoto yotseka kapena pafupi ndi mbaula.

Madzi osungunulira akhale aja oyera owonjezera mu batire (distilled water), osati asidi. A pa mjigo nthawi zina amakhala ndi laimu, ndipo pakapita masiku msuzi umada, pansi n'kugwa matope a bulauni. Ameneyo ndi manganizi amene watuluka m'madzi, ndipo msuzi wafooka.

Pali zosokoneza zina zimene sizichokera ku chipangizo koma ku chinthu choyezedwacho. Mipando ndi mabeseni otchipa nthawi zambiri ndi PP wosakaniza ndi ufa wa laimu kapena talc, ndipo density yake ingapitirire 1.0, n'kuoneka ngati pulasitiki wina. Chinthu chokhala ndi timabowo mkati chimapepuka. Chimene chimamwa madzi, monga njere kapena thabwa, chimasintha msinkhu mukuona, ndiye werengani mu mphindi yoyamba. Ndipo PET ndi PVC wolimba amagona pa manambala ofanana, cha m'ma 1.35 mpaka 1.45. Izi n'zowawa chifukwa PVC wochepa chabe amawononga PET yense posungunula, potulutsa mpweya wa asidi. Njira iliyonse yodalira density, ya ndowa kapena ya maginito, singathetse vuto limeneli. Mapaipi ndi zomata za PVC zichotsedwe ndi manja zisanalowe m'chigayo.

Kumene ikuthandiza, ndi kumene singathandize

Kachipangizo ka maginito awiri n'koyezera, si kopangira katundu wa matani. Ntchito yake yabwino ndi kutenga supuni ya tizidutswa kuchokera m'thumba logayidwa, n'kuona m'mphindi ziwiri ngati muli mtundu umodzi kapena itatu, komanso wochuluka ndi uti. Wogulitsa amene angasonyeze kuti thumba lake ndi HDPE yekhayekha ali ndi polankhulira pa mtengo. Sikafuna magetsi, ndipo msuzi umagwira ntchito mobwerezabwereza.

Pa zakudya kamathandizanso. Gulu la ku Harvard lija linasonyeza mu 2010 kuti njirayi ingayerekeze mafuta a mu mkaka, tchizi ndi chiponde. Chifukwa chake n'choonekeratu: mafuta ali cha pa 0.92, pamene zomanga thupi ndi sitachi zimapitirira 1.3. Nshawa ya mafuta ambiri imakwera, ndipo chiponde chothiridwa ufa chimatsika poyerekeza ndi chenicheni. Njere ya chimanga yobooledwa ndi anankafumbwe imaima pamwamba pa yathunthu. Chilichonse cholowa mu msuzi wa manganizi chisadyedwe kapena kupatsidwa nkhuku.

Za chipatala, ofufuza ku Stanford anayandamitsa maselo amodziamodzi mu 2015 pogwiritsa ntchito timaginito ting'onoting'ono ndi kapaipi kopyapyala, ndipo ena anayesa njirayi pozindikira matenda a sickle cell, popeza maselo ofiira a odwala ena amalemera kuposa a munthu wabwino. Kuyeza matendawa ndi density kunayesedwanso kwa ana ku University Teaching Hospital ku Lusaka, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2014, ngakhale njira ya kumeneko inali ya madzi osanjikizana ndi makina ozunguza, osati maginito. Izi ndi za ofufuza. Chipangizo cha thabwa si choyezera magazi a munthu.

Funso limene anthu a ku Lundazi ndi ku Nyimba angafunse msanga ndi la miyala. Yankho loona n'lakuti pano njirayi si yoyenera. Quartz ali pa 2.65, aquamarine cha pa 2.7, tourmaline kupitirira 3.0, garnet kupitirira 3.5, ndipo zonsezi n'zolemera kwambiri kwa msuzi wa manganizi pakati pa maginito aja, zimangogwa pansi. Kuwonjezera apo, garnet ndi tourmaline ambiri ali ndi chitsulo kapena manganizi mkati mwawo, ndiye nawonso amakokedwa, ndipo masamu aja sagwiranso. Pa mwala, njira yakale ndiyo yabwino: uyezeni pa sikelo, kenaka ikani kapu ya madzi pa sikelo, muibweze pa ziro, mulendeweze mwalawo ndi ulusi m'madzimo osakhudza pansi, muwerenge. Nambala yoyamba kugawa ndi yachiwiri ndiyo density. Galasi la botolo, limene anthu achinyengo amagulitsa ngati mwala, limatuluka cha pa 2.5. Golide wa 19.3 safuna maginito n'komwe. Beseni losefera limamukwanira.

Mafakitale amagwiritsa ntchito mfundo yomweyi koma ndi madzi ena, otchedwa ferrofluid, amene Steve Papell wa ku NASA anapanga mu 1963. Ndi madzi okhala ndi tinjere ta magnetite, mwala wa chitsulo wokokedwa ndi maginito, ta pafupifupi mananomita 10 (milimita imodzi ili ndi mananomita miliyoni), tokutidwa kuti tisagwirane. Amamva maginito kwambiri kuposa msuzi wa manganizi, kotero kuti osungunulidwa kwambiri amakwanira pa pulasitiki, ndipo okhuthara angayandamitse ngakhale aluminiyamu wa 2.7 ndi mkuwa wa pafupifupi 9. Ku yunivesite ya Delft ku Netherlands, gulu la Peter Rem linapanga makina amene tizidutswa tonyowetsedwa kale timalowa mu ngalande ya madzi oyenda mofatsa pakati pa maginito, kalikonse n'kupeza msinkhu wake m'njira, ndipo kumapeto timabale topingasa timagawa mtsinjewo m'magawo angapo. Zovuta zake ndi zomwe zija, zitangokula: thovu, madzi owinduka amene amasakanizanso zimene zalekana, ndi ferrofluid wotsalira pa tizidutswa amene ayenera kutsukidwa ndi kubwezedwa chifukwa ndi wodula. Kampani ya Umincorp inamanga mafakitale a njirayi ku Amsterdam ndi Rotterdam, koma inagwa kumayambiriro kwa 2024, nthawi imene pulasitiki watsopano anatchipa kwambiri pa msika. Amene akulota makina otere ku Chipata ayambe wawerengera mtengo umene wogula ku Lusaka angalipire pa kilogalamu ya PP woyera poyerekeza ndi wosakaniza. Kachipangizo kakang'ono kangamuuze density yolekanitsira, ndipo dramu la madzi osakaniza pa density imeneyo lingachite ntchito yaikuluyo popanda maginito.

Msuzi wa manganizi si wakupha pokhudza, koma suyenera kumwedwa, ndipo fumbi la mcherewo likamapumidwa nthawi yaitali limawononga mitsempha ya ubongo. Valani magolovesi, yezerani mchere pamalo opanda mphepo, ndipo botolo lilembedwe bwino n'kukhala kumene ana safika, makamaka poti mtundu wake wa pinki umafanana ndi chakumwa. Mukamaliza ntchito, sefani msuzi pa pepala losefera, muubweze m'botolo lotseka, mulembe mzere pamene wafika. Ukatsika chifukwa cha kuuma, onjezani madzi a batire mpaka pa mzerewo ndipo muyezenso ndi sirinji. Wotha ntchito usatayidwe m'ngalande kapena m'dambo lopita ku mtsinje wa Lutembwe, chifukwa umavulaza zamoyo za m'madzi. Uthireni m'beseni la pulasitiki pamalo otchinga, uume, ndipo mibulu yotsalayo muisunge, poti ikasungunulidwanso ndi kusefedwa imagwira ntchito ngati poyamba.